Mango amene ndinaotchera njerwa

Abale anga, ndakuonani nonse, ndipo ena ndikukudziwani bwino chifukwa tinkagwera m'ngalande imodzi. Musaweramitse mitu, sinditchula munthu. Ine ndine Matiyasi, uja munkamutcha Mwininyumba pomuseka kumsika. Otsogolera gulu lathuli andiuza kuti ndilankhule za mowa, koma ine ndiyambira pa nyumba, chifukwa mowa unandipeza nditagwa kale. Ndikudziwa kuti pano pali ena amene tulo sitikubwera chifukwa cha talyawu, kamalo komangapo nyumba, kamene wina wawalonjeza kumtunda uko. Amenewo tcherani khutu.

Ine ndinabadwira ku Malawi, makolo atathawa nkhondo. Kumeneko tinali obwera. Titabwerera kuno, kutsidya lino la nyanja, tinapeza munda wa makolo ena atalimamo kale, ndiye tinakhalanso obwera kwathu komwe. Bambo anga anamwalirira m'nyumba yobwereka, mwini nyumba akuzungulirazungulira panja kufunsa kuti maliro atha liti. Nditakula ndinakakwatira ku Nkholongue, chikamwini. Inu amene muli pachikamwini sindikuuzani zachilendo. Ukabzala nthochi ndi ya apongozi, ukamanga nkhokwe ndi ya alamu, ana ako omwe mwini wake ndi malume awo. Mkazi wanga Esinati sanandinyozepo, ndisamunamizire. Koma mtima wanga unkangoti, tsiku lina ndidzatseke chitseko changachanga.

Mwana wathu woyamba, Lusiya, anali ndi mutu. Atatsiriza shikola ya kumudzi anabwera ku sekundariya kuno ku Metangula, n'kumakhala kwa achibale ena akutali a mayi ake. Tsiku lina ndinamupeza akuwerenga atakhala pamwala kuseri kwa khitchini, buku pamwendo, dzanja lina akukwecha poto. Ankagona pakati pa matumba a makala. Zinandipweteka kwambiri. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, pirira pang'ono. Ndikumangira chipinda chako kuno kutauni, chokhala ndi zenera ndi tebulo." Iye anaseka n'kunena kuti, "Ababa, zenera liyang'ane kumapiri, kunyanja kuli phokoso la asodzi." Nkhani yonseyi ndi ya chipinda chimenecho.

Nthawi imeneyo Metangula anali atayamba kufufuma ngati mtanda wa mandasi. Kumene tinkamweta udzu tili anyamata kunasanduka bairo yatsopano, dera la nyumba zokhazokha. Mapolo a magetsi anakwera mtunda, malata anayamba kung'anima m'tchire. Aphunzitsi, asilikali a pamadzi, ogula usipa ochokera ku Lichinga, aliyense ankafuna talyawu, ndipo kamalo kamene ukakayikira lero mawa umapeza wina akukumbapo maziko. Ine ndinali ndi chinthu chimodzi chokha chamtengo, injini ya boti imene ndinaivutikira unyamata wanga wonse. Ndinaigulitsa osauza munthu kunyumba.

Wogulitsa malo anandipeza yekha, monga amachitira. Dzina lake Buraimu, mnyamata wolankhula bwino, wa nsapato zoyera m'fumbi lathuli. Ananditengera kumtunda n'kundionetsa malo osalala, m'mphepete mwa kamsewu, pali mitengo itatu ya mango ikuluikulu yoti munthu mmodzi sangaikumbatire.

"Akulu, lamulo mukulidziwa," anatero. "Dothi ndi la boma, siligulitsidwa. Ine ndikukugulitsani mango awa. Mukagula mango, mthunzi wake ndi wanu, ndipo pamthunzi panu mumanga chimene mukufuna."

Sananame pamenepo. Umu ndi mmene timagulirana malo kuno, nonse mukudziwa. Munthu sagula nthaka, amagula chimene chaima pamwamba pake, ndipo chimene chaimapocho ndicho mboni yake. Ndinamufunsa kuti mangowo ndi a yani. Anati ndi a malemu bambo ake. Ndinati tipite kwa asekeretariyu, mkulu woyang'anira bairo, akaone. Iye anati tikapita kumeneko anthu amva, wina wa ku Lichinga awonjezera ndalama, ine n'kutsala m'manja muli mbee. Tinapatsirana ndalama kuseri kwa baraka, pomwera mowa, mboni yathu inali galu.

Nditamuuza Esinati, sanakondwe ngati mmene ndinkayembekezera. Anandifunsa funso limodzi: "Mwafunsa amene anabzala mitengoyo?" Ndinamuyankha kuti nzeru zake ndi za kumudzi, za kutauni azisiyire amuna. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ameneyo ndine, mundiyang'ane bwino.

Njerwa ndinaumba ndekha ndi manja awa. Zitauma, vuto linali nkhuni zootchera. Mapiri athu mukuwaona mmene ayerera, nkhuni za uvuni wathunthu zinkafuna ndalama zimene ndinalibe. Tsiku lina nditakhala pamthunzi ndinakweza maso, ndipo ndinaona nkhuni zili pamutu panga. Ndinabwereka nkhwangwa. Mitengo itatu yonse ndinaigwetsa, n'kuiwaza, itauma n'kuilowetsa mu uvuni. Njerwa zinapsa bwino, zofiira, zolira ukazigogoda. Ndinkayenda m'tauni chifuwa chili patsogolo.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndinabisa nthawi yaitali. Pokumba maziko ndinayenera kuzula zitsa. Chitsa cha mtengo wapakati chinali pamene ndinalemba chipinda cha Lusiya. Ndili m'dzenje, masana dzuwa lili pamutu, khasu linatulutsa timafupa tating'ono pakati pa mizu. Ndinadziuza kuti ndi mbuzi. Ndinakumbanso, ndipo panatuluka mikanda, ija amamanga m'chiuno mwa mwana wakhanda, yoyera yonse, pakati pake umodzi wofiira. Mbuzi sivala mikanda, abale anga.

Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Ndinabwezera zonse m'dzenje, n'kukwirira, n'kupondaponda. Sabata yomweyo ndinagula simenti n'kuthira pansi m'chipinda chimenecho chokha. Amisiri oyandikana nawo anandiseka kuti ndani amathira simenti pansi denga kulibe. Ndinaseka nawo.

Makoma atafika pamwamba pa mazenera, kunabwera mayi wina wokalamba, wamfupi, atafunda nsalu kumutu mwa Chisilamu, maso ake atachita nkhungu. Anaima pamsewu nthawi yaitali akutembenuza mutu ngati munthu wasochera. Kenaka anafunsa, osati ine, koma mlengalenga: "Mango anga ali kuti?"

Amenewo anali Abiti Saidi, azakhali ake a Buraimu. Mitengo ija anabzala ndi amuna awo nkhondo isanafike. Pothawa anawoloka nyanja, anakakhala ku Malawi, amuna awo anafera komweko. Nkhondo itatha anabwera kamodzi, anaona mitengo ilipo, anaisiya m'manja mwa mlongo wawo, bambo ake a Buraimu. Tsopano maso akutha, anabwerera kwawo kudzafera, n'kupeza makoma anga.

Mlandu unakambidwa kwa asekeretariyu a bairo, anthu atadzaza bwalo. Okalamba a kuno anaimirira mmodzimmodzi kunena kuti mangowo anali a Abiti Saidi, ena mpaka ankakumbuka kuti wapakati ndiwo unali wotsekemera. Buraimu sanaoneke. Asekeretariyu ananditembenukira.

"Bambo, inu munagula chiyani?"

"Mango."

"Ali kuti mangowo?"

"Ndinaotchera njerwa."

Bwalo lonse linaseka. Asekeretariyu sanaseke. Anati, "Choyamba, amene anakugulitsani sanali mwini wake. Chachiwiri, chimene munagulacho mwatentha nokha. Mwatsala ndi phulusa. Kumanga kuime, ndalama zanu mukazifune kwa Buraimu."

Apo Abiti Saidi anakweza dzanja. Mawu awo anali otsika koma aliyense anamva. Anati iwo malo sakuwafuna, munthu wa msinkhu wawo amanga chiyani. Anati usiku wothawa uja mwana wawo wamkazi, Mwanaisha, wosayamba n'kuyenda komwe, anamwalira ndi malungo, ndipo kumanda kunali kosapitika chifukwa cha mfuti. Anamuika patsinde pa mtengo wapakati kuti asadzasowe malo. "Iwe mnyamata," anatero, "ndiwe unazula zitsa. Wapakati unali pati?"

Ndinadziwa kuti ndikanena zoona makoma agwa tsiku lomwelo. Ndinaganiza kuti manda akakhala kunja, mwina tsiku lina tidzamvana, nyumba n'kuimabe. Ndinawatsogolera anthu onse mpaka pamalo paja. Ndinadutsa khomo langa, n'kupita m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi polo ya magetsi, pamene anthu a bairo ankatayapo zinyalala. Ndinaloza pansi. "Unali apa, amayi." Ndinanena mawu amenewo ndikuwayang'ana m'maso.

Zotsatira zake sindichedwapo, chifukwa ambiri mukuzidziwa kuposa ine. Ndinayamba ndi kachasu wa kapu imodzi kuti ndipeze tulo. Kenaka kapu ya m'mawa kuti manja aleke kunjenjemera. Malata amene ndinagulira denga ndinawagulitsa limodzilimodzi. Matabwa a zitseko anapita. Ku Nkholongue ndinasiya kupita chifukwa cha manyazi, ndipo Lusiya akabwera kudzandifuna ndinkabisala kuseri kwa makoma. Buraimu ndinamupeza tsiku lina kudoko atakwera njinga yamoto yatsopano, injini yanga itasanduka matayala. Anandiuza kuti, "Akulu, mitengo ndinakupatsani, simunailandire?" Pafupi panali nkhafi. Sindikumbuka kuti ndinamumenya kangati. Dzanja lake lamanja silinawongokenso mpaka lero.

Apolisi ananditengera ku kadeya, ndende ya ku Lichinga. Munthu wa kunyanja kuzizira kwa kumeneko kumamulowa m'mafupa. Tinkagona mothithikana ngati usipa pathandala, wina akafuna kutembenuka onse atembenuke. Esinati anabwera kamodzi kokha, pa shapa, minibasi yathuyi, atanyamula chinangwa chophika. Sanakhale pansi.

"Lusiya wakwatiwa," anatero.

Ndinaganiza kuti sindinamve. Anafotokoza kuti achibale aja anamuthamangitsa, ati sangasunge mwana wa chigawenga. Anabwerera kumudzi, shikola inathera pomwepo. Alamu anga, malume ake, anamupezera msodzi wina wa ku Cobue.

"Osandifunsa ine?"

"Tikanakufunsani kuti? Inu munafunsa yani?"

Anasiya chinangwa n'kutuluka. Ndinalira pamaso pa akaidi anzanga, ndipo palibe amene anandiseka. Ndinkafuna kumupatsa mwana wanga zenera, ndinamulanda ndi mwala womwe ankakhalira powerenga.

Mukuganiza kuti kadeya inandiphunzitsa? Ayi. Nditatuluka ndinatsika shapa n'kulowa m'baraka yoyamba. Ku Nkholongue sindikanapita, kuno palibe amene ankafuna kunditenga m'boti mwake. Ndinabwerera m'makoma anga opanda denga, udzu utamera m'kati, n'kumagona m'chipinda cha simenti chija chifukwa ndicho chokha chinali chosalala. Mumve bwino zimenezo. Ndinkagona pamwamba pa mwana wa munthu ndikudziwa. Masana ndinkasenza matumba kudoko, ndalama yake n'kumwera. Apa m'pamene munanditcha Mwininyumba.

Abiti Saidi sanandithamangitse. Sankandiyang'ana n'komwe. Koma tsiku la Ijuma lililonse, Lachisanu lija Asilamu amapemphera, ankabwera, akuyenda ndi ndodo, atanyamula tsache ndi birika ya madzi. Pamalo paja ndinaloza anali atachotsapo zinyalala zonse ndi manja awo, atazunguliza miyala, atabzalapo kambande ka mango. Ankasesa, n'kuthirira, n'kukhala pansi kupemphera motsitsa mawu. Anthu a bairo analeka kutayapo zinyalala powalemekeza. Ine ndinkawaonera pabowo la zenera, botolo lili m'manja. Ndinkadana nalo tsiku la Ijuma. Ndinkayamba kumwa tambala asanatsike kuti akamafika ndikhale nditagona, koma maso ankakana kutseka.

Tsiku limene ndikufuna mulimve linafika chonchi. Bairo inali itakula, magalimoto a mchenga akulephera kupatukirana, ndiye boma linaganiza zokulitsa msewu. M'mawa wina ndinadzidzimuka ndi kunjenjemera kwa nthaka. Chimakina chosalaza msewu chinkabwera kuchokera kumunsi, chikukankha dothi ndi zitsamba, anthu a ntchito akuyenda patsogolo. Miyala ya Abiti Saidi inali m'kati mwa zikhomo zimene anakhoma.

Sindikudziwa anawauza ndani. Sinali Ijuma, koma anafika, alibe ndodo, nsalu ya kumutu itagwera paphewa, imvi zili poyera. Mayi wa Chisilamu wa msinkhu umenewo kuyenda mutu uli pamtunda, mukudziwa tanthauzo lake. Anafika pamiyala paja n'kugona chafufumimba, manja atatambasula.

Chimakina chinaima. Woyang'anira ntchito anagwada pambali pawo n'kuwalankhula mwaulemu. Anati, "Amayi, sitinauzidwe kuti pali manda. Dzukani tikambirane." Iwo anakana. Amayi ena a bairo anayesa kuwadzutsa, iwo anakanirira miyala mpaka zala zinatuluka magazi. Sankakuwa. Ankangobwereza mawu amodzi, nkhope ili m'fumbi: "Ndinamusiya kamodzi. Ndinamusiya kamodzi."

Ine ndinali pazenera langa. Anthu onse aja, amayi akulira, amuna atavula zipewa, woyendetsa chimakina atazimitsa injini n'kugwira kukamwa, onsewo ankalirira dzala. Pansi pa mayi uja panalibe kanthu koma zigoba za chinangwa ndi mabotolo osweka. Munthu mmodzi yekha pabairo yonse ankadziwa zimenezo. Ndinayang'ana pansi pamene ndinaima. Mapazi anga anali pasimenti.

Sindikuuzani kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba. Sindinamve kanthu. Ndinaganiza za Lusiya, kuti wina atandilozera malo onama n'kumandionera ndikugwada pamenepo, ndikanamutani munthu ameneyo. Miyendo inayenda yokha. Ndinatuluka opanda malaya, ndikununkha, anthu anapatuka osati mwaulemu.

"Amayi, dzukani," ndinatero. "Apa palibe munthu."

"Choka, chidakwa iwe," anatero mayi wina.

"Ndinakunamizani. Mtengo wapakati sunali apa. Uli m'nyumba umo."

Abiti Saidi anatembenuza nkhope, fumbi lili m'kamwa. "Wanama kale. Ndikukhulupirire bwanji lero?"

"Ndinaona mikanda."

Anadzuka pang'onopang'ono mpaka kukhala tsonga. "Yotani?"

"Yoyera. Pakati umodzi wofiira."

Sanalire. Anatseka maso. Patapita kanthawi anati, "Wofiirawo ndinachotsa pa mkanda wa mayi anga."

Ndinapempha piki kwa anthu a msewu. Tinalowa m'makoma muja, anthu atadzaza m'mazenera. Ndinamenya simenti ija, imene ndinaithira mokhuthala dala, thukuta la mowa likuyenderera m'maso. Inasweka zidutswa, ndinazichotsa ndi manja mpaka dothi lofiira linaoneka. Sindinakumbe. Abiti Saidi anagwada n'kuika chikhatho pansi, monga mayi amagwirira mwana pamphumi kuona ngati watentha thupi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Pakona panali mphasa yanga ndi mabotolo, ndipo aliyense anaona pamene ndinkagona.

Atadzuka anandiyang'ana ndi maso awo ankhungu aja.

"Nyengo zonsezi wandigwaditsa padzala, iwe uli apa kundionera?"

"Inde, amayi."

"Mulungu wakuona. Chotsa makoma ako pa mwana wanga."

Anangonena zimenezo. Amene mukudikira kumva kuti anandikumbatira, pepani, sizinachitike.

Tsopano mmene ndinadzukira, chifukwa ndi zimene mwabwerera. Ntchito yoyamba inali kugumula. Ndinaphwasula nyumba yanga ndekha, njerwa imodziimodzi, kuyambira chipinda cha Lusiya. Manja akamagwira ntchito sagwira botolo, ndinazindikira zimenezo pamenepo. Sindinasiye mowa tsiku limodzi, asakunamizeni munthu. Ndinagwanso, ndinadzuka, ndinagwanso. Koma ndinadziikira lamulo loti sindimwa dzuwa lisanalowe, kenaka loti sindidutsa njira ya kubaraka ndalama zili m'thumba. Ndikalandira kudoko ndinkapereka kwa mkulu wina wa gulu lino kuti andisungire, ndipo ndinamuuza kuti ndikabwera kudzazipempha ndikununkha andithire madzi. Anandithira kawiri, ali pompano, akuseka uyo.

Makoma atatha, ashehe anabwera kudzachita duwa, pemphero lawo, pamanda. Njerwa zina ndinazunguliza nazo mandawo, zotsala Abiti Saidi anazipereka kumzikiti. Ndinafunsa ngati ndingatengeko zochepa. Anati, "Dothi unaumba ndiwe, koma moto unali wanga." Sindinatengeko ndi imodzi yomwe.

Kenaka ndinayenda maulendo amene ndinkawaopa. Ndinapita kwa Buraimu. Anandinamiza, inde, koma dzanja ndinathyola ndine. Ndinamupeza akugulitsa mafuta a njinga m'mabotolo, akutsegula chivindikiro ndi mano. Ndinapepesa. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndamutchingira makasitomala. Ndinapita ku Nkholongue, n'kukhala pansi pabwalo la apongozi, alamu anga akundiwerengera zonse pamaso pa mbumba. Sindinayankhe ngakhale limodzi, chifukwa panalibe bodza. Esinati anati adzaona ntchito zanga, mawu anga wakhuta nawo. Mwini boti wina anandilola kukoka khoka la chilimira ngati mnyamata woyamba kumene, ine amene ndinali ndi injini yanga.

Ulendo wovuta unali wa ku Cobue. Lusiya ndinamupeza akuyanika usipa wa eni ake, mwana ali kumbuyo. Mwamuna uja anawolokera ku Likoma n'kusowa. Anali ataonda, manja atachita mamba. Anandipatsa moni ngati mlendo wodutsa, sananene kuti ababa. Ndinamuuza kuti kuno kuli makalasi a madzulo a anthu amene anasiyira panjira, abwere, mwana ndizimugwira ine. Anandifunsa kuti, "Ndidzagona kuti? M'nyumba ya manda ija?" Nkhani inali itafika kale kumeneko. Ndinabwerera ndekha.

Malo amene ndili nawo lero ali pamwamba penipeni, pamiyala, pamene aphunzitsi sapafuna chifukwa madzi ndi akutali. Koma ndinawapeza masana. Ndinayambira kwa asekeretariyu. Ndinaitana oyandikana nawo mbali zonse kuti aime m'malire. Koposa zonse ndinayenda khomo ndi khomo kwa amayi okalamba amene anali kuno nkhondo isanafike, chifukwa anyamata a nsapato zoyera amadziwa mtengo wa malo, koma amene amadziwa yemwe wagona pansi ndi amayi amenewo. Tauni ino ikukwera phiri mothamanga, ndipo ikukwera pamwamba pa anthu amene anaikidwa mofulumira, popanda chizindikiro china koma mtengo kapena mulu wa miyala. Mukaona mango ali okha m'tchire, wina anabzala. Funsani anabzala ndani, ndipo anabzaliranji. Munthu akakuuzani kuti tipatsirane kuseri anthu asamve, nyamukani. Safunsa anadya phula.

Nyumba yanga ndi ya zidina, njerwa zosaotcha, zipinda ziwiri, denga theka malata theka udzu. Sindinadule mtengo. Esinati anabwera dzinja lathali, atayamba watuma mlongo wake kudzanunkhiza ngati ndasiyadi. Abiti Saidi anamwalira mvula isanagwe. Ndinapita kukawaona akudwala, ndinagwada pakhomo n'kupempha chikhululuko. Anati, "Ndamva." Sanawonjezere, ndipo ndidzafa ndi mawu amodzi amenewo.

Lusiya anabwera miyezi yapitayi, ndi mwana ndi kachikwama. Ndinamutsegulira chipinda chake. Zenera likuyang'ana kumapiri, tebulo ndinakhoma ndekha ndi matabwa a boti lakale. Ndinaima pambali. Iye anaima pakhomo osalowa, akuyang'ana pansi.

"Pansi apa pali ndani?"

"Palibe, mwana wanga. Ndinafunsa."

Anapereka mwana kwa Esinati, n'kutsika phiri. Tsiku lonse anayenda yekha m'makomo mwa amayi okalamba aja, kufunsa ngati bambo ake akunena zoona. Anabwerera madzulo, n'kulowa, n'kuika mabuku patebulo. Injini ndinaiiwala, kadeya ndinaipirira, koma tsiku limenelo, nditakhala pamwala kudikira kuti anthu ena andichitire umboni kwa mwana wanga, ndi limene ndinadziwa chimene ndinatentha mu uvuni muja.

Mundikhululukire, sinditsala nawo pa nyimbo yotsekera. Kalasi yake ikuyamba dzuwa likamalowa, ndipo wogwira mwana ndine.